Phulusa Limene Ndinataya

Amama anagwa Lolemba, kutatsala masiku awiri kuti Lenti iyambe. Mvula inali itagwa m'mamawa, ndiye anatuluka kukachotsa beseni limene anatchera madzi a padenga. Sitepe ya pakhomo pawo ku Ngungu ndi yasimenti, yopaka polishi wofiira. Malemu atate anaiwaka okha atapuma ntchito ya kunjanji. Anaterereka pamenepo, fupa la m'ntchafu n'kuthyoka cha kufupi ndi chiuno. Uthenga unandipeza pamsika ku Bwacha, kumene ndimagulitsa salaula, zovala zakunja zovalidwapo kale.

Kuchipatala adokotala anati pa msinkhu wawo opaleshoni siingawayenere. Anawamanga mwendo ndi chingwe chodutsa pa kagudumu kumapazi kwa bedi, kunsonga kwake kukulendewera chitsulo cholemera, n'kunena kuti agone chagada choncho milungu isanu ndi umodzi. Alongo anga onse awiri amakhala kutali, mmodzi ku Kitwe wina ku Chipata. Choncho ndinasiyira mlamu wanga benchi ya kumsika, ine n'kumakwera minibasi m'mawa uliwonse ndi fulasiki ya phala, kukasambitsa amama, kuwadzoza msana kuti usachite zilonda, ndi kubwerera dzuwa likamalowa.

Pa bedi loyandikana nalo, cha kuwindo, panagona gogo wina wachimwenye, wamng'ono thupi, tsitsi loyera ataliluka chingwe chimodzi chowonda ngati chala. Nawonso anathyoka malo omwewo, ataterereka m'bafa. Ndinadabwa, chifukwa amwenye sitinkawaona kawirikawiri m'mawodi athu. Ine ndinakulira m'nyumba za kunjanji, ndipo amwenye ndinkawadziwira kuseri kwa kauntala basi, potituma nsalu ya yunifomu kapena mafuta a nyale. Ndinali ndisanamuonepo mmwenye atavala malaya a chipatala, akudikira beseni ngati wina aliyense. Pambuyo pake ndinamva kuti amuna awo anali ndi kasitolo ka zitsulo za njinga m'tauni, koma anamwalira kalekale, sitolo n'kutsekedwa, ndipo mwana wawo yekhayo anali kutsidya kwa nyanja.

Amene ankawadwazika anali mayi wa msinkhu wanga, naye wachimwenye, wovala mpango wakuda kumutu ndi diresi lofika kumapazi. Ankawaitana kuti "Ba." Tsiku loyamba ine ndi amama tinkangodikira kuti dzina litsatire, monga timanenera kuno kuti ba auje, koma dzinalo silinkabwera. Amama analephera kupirira.

"Ba ndani?" anafunsa.

Gogoyo anaseka, nayankha m'Chinyanja chawo cha kusitolo: "Ba chabe. Kwathu Ba ndiye amama."

Ndinkaganiza kuti mayi wa mpangoyo ndi mpongozi wawo. Ayi, anali neba chabe, wa nyumba yogundana nayo mpanda. Ba anali Mhindu, nebayo Msilamu. Anasamukira pamenepo ali mtsikana wongokwatiwa kumene, ndipo Ba ndiwo anamuphunzitsa kusambitsa mwana wake woyamba. Wodi yonse inangozolowera kumawatchula kuti aneba.

Lachitatu la Phulusa amama anakhala chete tsiku lonse. Chibatizidwireni kumudzi ku Petauke anali asanaphonyepo phulusa, ngakhale chaka chimene anali ndi pakati pa ine. Ine ndinapita ku Misa ya m'mawa, n'kufika kuwodi ndi mtanda wakuda pamphumi. Anandiyang'ana, kenako anatembenuzira nkhope kumbali. Tinamva kuti akatekisiti abwera masana, koma mvula inagwa yambiri ndipo sanafike.

M'mawa mwake, Lachinayi, aneba anabwera ndi mbale zachitsulo zosanjikizana zambiri kuposa masiku ena. Anapukuta pamwamba pa kakabati ka pambali pa bedi, naimikapo kachithunzi ka mu fulemu. Panali mkulu wina wa ndevu zoyera, atamanga nsalu kumutu, atavala mkanjo wong'ambika pamkono, atakhala pamwala mwendo wina atausanjika pa unzake. Ba anaphatikiza manja, nanong'ona kwa kanthawi. Kenako anafunyulula kapepala, naviika chala m'kati, n'kudzipaka pamphumi. Linali phulusa lotuwa.

Amama anadzutsa mutu. "Nanunso muli ndi Lenti?"

"Ayi, mama. Ili ni phulusa la moto wa uyu," anatero Ba, akuloza chithunzicho. "Mufuna?"

Pa nthawiyo ine ndinali nditanyamula kale beseni kukataya madzi. Pobwera ndinapeza amama ali ndi chizindikiro chotuwa pamphumi. Anali atachijambula okha ngati mtanda. Nkhope yawo inali itamasuka, ndipo anadya chapati chathunthu ndi mphodza zimene aneba ankagawira wodi yonse. Aneba ankagawa choncho Lachinayi lililonse, chifukwa linali tsiku la mkuluyo.

Koma ine mumtima sizinandikomere.

Masiku a m'chipatala ndi aatali. Azimayi awiri okalamba, omangidwa miyendo, analibe china chochita koma kucheza, ndipo nkhani zambiri zinkabwerera kwa mkulu wa pachithunzi. Dzina lake ankalitchula, koma ine sindinkafuna kuti lituluke pakamwa panga. Ndinkamvetsera ndikusenda malalanje kapena kupesa amama.

Ba ankati mkuluyo anakhalako zaka zoposa zana zapitazo, m'kamudzi kena ku India. Palibe ankadziwa kwawo kapena makolo ake. Anangofika n'kukhala pansi pa mtengo wa nimu, kenako anakalowa mu mzikiti wakale wogumuka umene anthu anali atausiya, n'kukhala mmenemo mpaka imfa. M'mawa ankayenda makomo angapo ndi chitini, kupempha chakudya. Zonse zimene wapatsidwa ankazithira mumphika umodzi wosavundikira, ndipo agalu, amphaka, akhwangwala ndi anthu osauka ankadya mmenemo, iye osawathamangitsa. M'kati mwa mzikitimo munali moto umene sankalola kuti uzime, ndipo aliyense wobwera kudzamuona ankamupatsa phulusa potsazikana. Ba sankabisa kuti anali ndi ukali wake. Nthawi zina ankakalipira anthu, makamaka amene abwera atavala bwino koma atapitirira wosauka pakhomo osamupatsa ngakhale moni.

"Nanga anali wa mpingo uti?" amama anafunsa tsiku lina.

"Anabadwa Mhindu," anatero Ba. "Makutu ake anali obowola, monga ana athu."

Aneba, amene ankapinda zovala, sanatembenuke n'komwe. "Mhindu uti amagona mu mzikiti, Ba? Dzina la Allah silinkachoka pakamwa pake."

"Nanga nyale zimene ankayatsa? Nanga moto uja?"

"Amayi anga ankati anali Msilamu wosauka, munthu wa Mulungu."

Zinkaoneka kuti mkangano umenewu unayamba kalekale pampanda, ndipo palibe ankafuna kupambana. Ba anatiuza kuti anthu ankamufunsa mwiniwakeyo, koma sankayankha molunjika. Ahindu akabwera ankawauza kuti aziwerenga mabuku awo, Asilamu aziwerenganso lawo, aliyense asasiye njira ya makolo ake, pakuti Mwini wa anthu onse ndi mmodzi. Kwa omutsatira ankapempha zinthu ziwiri zokha, chikhulupiriro ndi kudekha. Aneba anawonjezera kuti amuna awo sagwirizana nazo zimenezi. Amati munthu wakufa sapemphedwa kanthu. Aneba eni akewo sankagwadira chithunzicho. Ankangochipukuta, popeza Ba sakanatha kudzuka.

"Kudekha ndiye tikuphunzira pano," anatero amama, akuyang'ana chitsulo cholendewera kumapazi.

Chaka chimenecho Lenti inakumana ndi mwezi umene Asilamu amasala kudya. Aneba sankalawa ngakhale madzi kuyambira mbandakucha, komabe masana ankakhala pambali pa bedi n'kumadyetsa Ba, milomo yawo itauma, chifukwa manja a Ba ankanjenjemera ndipo supuni sankaigwira bwino. Ba sankadya nyama, nsomba ngakhale mazira, choncho aneba anali ndi poto wapadera kunyumba kwawo, amene nyama inali isanalowemo chigulireni. Zimenezi ndinkaziona ndipo ndinkazilemekeza. Koma phulusa lija linkandivutabe.

Ine ndine wa kwaya, komanso wa gulu la mapemphero la Lachisanu. Mnzanga wina wa m'gululo atabwera kudzazonda amama, anaona chithunzicho. Tili pakhonde anandigwira dzanja n'kunena kuti zinthu zotere zimabwera ndi mizimu, ndipo matenda akhoza kukana kuchoka. Sabata yomweyo amama anatentha thupi, mwendo n'kutupa. Anesi anati zimachitika munthu akagona nthawi yaitali, ndipo anawapatsa mankhwala. Ine maganizo anga anali kwina.

Loweruka masana amama ali mtulo, anesi anafunsa khadi lawo, ndipo ndinatsegula kachikwama kawo ka pansi pa pilo. M'katimo ndinapeza kapepala kopindapinda. Ba anali atawagawira phulusa lija. Nditapereka khadilo ndinafumbata kapepalako, ndinapita ku chipinda chotsukirako mabeseni, ndinatsegula mpopi, n'kukhuthulira phulusalo m'sinki. Linali lochepa, losadzaza ngakhale supuni ya tiyi. Madzi analitenga nthawi yomweyo. Lolemba kutentha thupi kunatha, ndipo ndinadziuza kuti ndachita bwino.

Amama sanazindikire msanga, popeza kachikwamako sankakatsegula kawirikawiri. Lachinayi lotsatira Ba anafunyulula kapepala kawo, napeza kuti mwangotsala fumbi. Anali akugawira anthu: mayi wina wa ku Chowa amene anapsa ndi mafuta ophikira zitumbuwa, ndi wina amene anagundidwa ndi njinga yamoto. Anatembenukira kwa amama.

"Mama, nipatseniko pang'ono pa lija."

Amama anatsegula kachikwama, nafufuza ndi chala. Anakhuthulira zonse pachifuwa: khadi, mendulo ya Maria, mapini awiri. Anafufuzanso. Kenako anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti adziwa.

Ndikanatha kunamizira oyeretsa m'wodi. Ganizolo linandifikira ndithu. Koma mayi wokolopa anali pomwepo akufinya mopu, ndipo anali munthu wabwino kwa ife.

"Ndine ndinataya," ndinatero. "Ndinathira m'sinki. Ndinkaopa kuti ndi limene likuwadwalitsa."

Aneba anaika supuni pansi. Sanakweze mawu.

"Mudziwa kumene linachokera? Amuna a Ba anapita ku India kamodzi kokha moyo wawo wonse, atayamba kale kudwala. Ndi limene anabwera nalo. Ba alisunga zaka zonsezi, kumatapa ndi nsonga ya chala. Lotsalalo anagawa pakati, theka kupatsa amayi anu. Mukanabweza chabe. Bedi lawo ndi ili, si kutali."

Mawu akuti mukanabweza ndi amene anandilasa, chifukwa njira imeneyo sinandifikire m'mutu n'komwe.

Ba anakhala kanthawi akuyang'ana kudenga. M'maso mwawo munali misozi, sindingabise. Kenako anapukuta ndi nsonga ya nsalu.

"Basi, mwana wanga, leka," anauza aneba. Ndipo kwa ine anati: "Iwe unaopa chifukwa cha amai ako. Uja ankapatsa anthu phulusa kuti azikumbuka kuti vonse vimatha, thupi, nyumba, shopu. Manje ine nilire kuti phulusa latha?" Anayesa kuseka, koma sikunatuluke bwino. Anapukuta ndi chala fumbi lotsala m'kapepala kawo, nadzipaka, n'kukapindanso bwinobwino ngakhale munalibe kanthu.

Aneba atapita kwawo, amama anandikodola kuti ndiweramire pafupi.

"Ine ndinabatizidwa iwe usanabadwe," anatero motsitsa mawu. "Ukuganiza kuti ubatizo wanga ungachoke ndi phulusa la pachala? Ndinalandira chifukwa munthu anaona kuti ndili ndi chisoni, n'kundipatsa chimene anali nacho. Ndipo ngakhale chikanakhala choipa, chikwama chinali changa."

Sabata imeneyo ndinapita kukalapa. Ndinafotokoza zonse, ndikuyembekeza kuti mwina ansembe anena kuti cholinga changa chinali chabwino. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati chinthucho chinali changa. Atatero anandiuza kuti ndikapepese bwinobwino, nditakhala pansi, osati monga ndinachitira nditagwidwa.

Kwa Ba kupepesa kunali kosavuta. Anandisisita tsaya n'kundituma madzi akumwa. Aneba ndiwo anavuta. Kwa masiku ngati khumi ankayankha moni wanga ndi mutu chabe. Pogawa chakudya cha Lachinayi anapatsa amama m'manja, ine osandiyang'ana. Sindinawaimbe mlandu. Ndinafunsa amwenye awiri amene ndimagulako mabelo a zovala ngati phulusa lotere lingapezeke. Mmodzi sanadziwe n'komwe chimene ndinkanena, winayo anati mwina ku Lusaka. Ba atamva anati ndisavutike, limenelo silingakhale lomwe lija.

Kutatsala tsiku limodzi kuti kusala kwawo kuthe, aneba anandipeza pampopi ndikutsuka makapu.

"Mawa ni Idi," anatero. "Alendo azadzaza nyumba, sinizabwera mpaka madzulo. Chakudya nizatumiza na takisi. Ba safuna kudyetsedwa na anesi. Akuti inu."

M'mawa mwake woyendetsa takisi anabweretsa mbale zija. Munali mpunga wofewa wophikira pamodzi ndi mphodza, delele wokazinga, komanso tinthu totsekemera togawira wodi yonse. Ndinakhala pa mpando wa aneba. Ba ankadya pang'onopang'ono kwambiri, ndipo ndikafulumiza supuni ankatseka pakamwa n'kumandiyang'ana mpaka ndidikire. Pakati pa chakudyacho anandiuza za mayi wina wa m'mudzi muja, amene ali mkati modya anaona galu wanjala pakhomo, n'kumuponyera chapati. Atapita ku mzikiti masana ake, mkuluyo anamuthokoza chifukwa chomudyetsa. Mayiyo anadabwa, pakuti tsiku limenelo sanamutumizire kalikonse. Anakumbuka galuyo pambuyo pake.

"Zimenezo mwathu zilimonso," anatero amama ali pa bedi lawo.

Ndinafunsa mmene za mkuluyo zinathera. Ba anati atamwalira, Ahindu ndi Asilamu anakangana za mtembo wake, mbali iliyonse ikufuna kumuika mwa mwambo wake. Pamapeto pake anamuika m'nyumba ina yamiyala m'mudzi momwemo, ndipo onse amapitako mpaka lero.

"Ndiye kuti sanamumvere," ndinatero.

"Anamumvera pang'ono," anayankha Ba. "Anthu timamvera pang'ono chabe. Nipatse madzi."

Aneba anafika dzuwa litapendeka, atavala zatsopano, m'manja atajambulamo maluwa ofiirira. Anasuzumira m'mbale naona kuti mwatha. Anandifunsa ngati Ba anandivutitsa. Ndinati pang'ono. Anatulutsa kaphukusi ka masamusa m'chikwama, nandipatsa kuti ndikadye ndi a kunyumba.

Sabata yotsatira mwana wa Ba anafika. Anali bambo wodekha, waimvi kale, ndipo anawerama n'kugwira mapazi a mayi ake asanapereke moni kwa wina aliyense. Anakonza zowasamutsira ku Lusaka kwa achibale, kuti akaonedwe ndi madokotala ena. Tsiku lonyamuka Ba ndi amama anagwirana manja pa mpata wa pakati pa mabedi, nthawi yaitali, mpaka onyamula machira anayamba kutsokomola. Amama analonjeza kuti aziwatchula pa kolona. Ba anati zili bwino, aziwatchula.

Amama anawamasula chingwe m'Sabata Yoyera. Mwendo unali utafupika pang'ono. Anayamba ndi chitsulo choyendera, kenako ndodo. Ndinawatengera kwanga ku Bwacha, kumene ali mpaka pano, ndipo ku Misa amapita pa takisi. Ine ndikadali m'kwaya ndi m'gulu la Lachisanu, ndipo m'nyumba mwanga mulibe chithunzi cha mkulu uja. Sindinganene kuti ndimamvetsa zonse za iye. Koma mnzanga uja atayambanso nkhani ya mizimu ya amwenye, ndinamuuza kuti anthuwo ndinakhala nawo milungu isanu, ndiye tikambe zina.

Aneba ndinawaonanso mu Juni, kuzizira kutafika. Anabwera pa benchi yanga kumsika. Anati Ba akudandaula pafoni kuti ku Lusaka kukuzizira kuposa kuno, ndipo majuzi amene akuwagulira ndi aakulu, akumiramo. Ba anali asanayambebe kuyenda, koma ankakhala pa njinga ya odwala pakhonde n'kumalamula aliyense wodutsa. Tinatsegula belo la majuzi ang'onoang'ono, tinafufuza limodzi pafupifupi ola lathunthu tikukangana za mitundu, mpaka tinapeza yaubweya yobiriwira, yotsegula kutsogolo. Mabatani awiri anali atathothoka. Aneba anakhala pa mpando wanga, ine ndinatenga singano, ndipo pamene ndinkasoka anandifotokozera za ukwati wa mwana wawo wamkazi, umene unali kubwera mu Ogasiti.